Khoma Silinama

1

Nkhani ya imfa ya bambo anga ndaikamba pagulu kakhumi ndi kawiri tsopano. Ndinailoweza ngati pemphero. Ndimadziwa poyenera kuima kaye n'kumwa madzi, ndimadziwanso pamene azimayi a mzere wakutsogolo amayamba kupisa manja m'zikwama kufuna timipango. Ndimawauza kuti ine, amene ntchito yanga ndi kuyenda m'makomo kuthandiza anthu osauka kuti asafe ndi chisanu, sindinadziwe kuti bambo anga ondibereka akuzizidwa m'nyumba mwawo, ulendo wa mphindi khumi kuchokera ku ofesi kwathu. Ndikamaliza, eni ndalama zothandizira ntchito yathu amandigwira chanza mwaulemu, ndipo pakatha masabata awiri kalata yabwino imafika.

Zonse zimene ndimanenazo n'zoona, kupatula zoti sindinadziwe.

Munditchule Bernie. Maina onse m'nkhaniyi ndasintha, ndipo mukafika kumapeto mumvetsa chifukwa chake. Lero ndikufuna ndiikambe mmene inayendera, popanda kapu ya madzi pafupi.

2

Bungwe lathu ndi laling'ono. Tilipo anayi, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo imene inali yotsekedwa, m'tauni ina ya kufupi ndi Durham imene inkadyera mgodi wa malasha mpaka mgodiwo unatsekedwa. Nthawi imeneyo tinkakhalira thandizo la chaka chimodzichimodzi. Ndalama zinkabwera mu Epulo, zinkatha kumapeto kwa Malichi, ndipo kuyambira Januwale tonse tinkakhala mitima ili m'mwamba, osadziwa ngati chaka chamawa tidzakhala tili pantchito.

Ine gawo langa ndi malangizo. Ndimalowa m'nyumba, ndimafufuza pamene mphepo ikulowera, ndimamata mipata ya m'zitseko, ndimawerenga mabilu pamodzi ndi eni ake, ndipo amene mita yawo yazima ndimawapatsa kapepala kogulira mayunitsi. Ndimasiyanso kakhadi kamene kamasintha mtundu chipinda chikazizira kwambiri. Anthu ambiri amandithokoza, ndikangotuluka amakaponya m'dirowa. Ndaona zambiri. Ndinaonapo mayi amene ankakwera basi tsiku lonse, kupita n'kubwera, chifukwa m'basimo munkafunda kuposa kwawo.

Chinthu chachikulu pa ntchitoyi anandiphunzitsa ndi Yvonne, bwana wathu, tsiku langa loyamba. Anati achikulire a kwathu kuno angalole kufa kusiyana n'kuti mlendo aone kuti akuvutika. Akadziwa kuti ukubwera leveni koloko, teni koloko amayatsa kahita ka magetsi, amavula chijasi chimene agona nacho, n'kukulandira ndi malaya okha, akumwetulira ngati zonse zili m'chimake. Ndiye iwe uvule magolovesi, utsamire khoma ngati watopa ndi masitepe.

"Mpweya umanama, Bernie," anatero. "Khoma silinama. Nyumba imene yangotenthetsedwa chifukwa cha iwe, khoma lake limaluma dzanja."

Ndagwira makoma oposa mazana asanu, ndipo sindinalakwitsepo.

Chaka chimenecho eni ndalama anationjezera chinthu chimene tinali tisanakhalepo nacho: maboila khumi ndi awiri atsopano, aulere, okaika m'nyumba za anthu amene makina awo a gasi otenthetsera nyumba anafa. Ofuna anali miyandamiyanda, choncho fomu iliyonse inkapatsidwa malikisi. Ukalamba unali ndi malikisi ake, matenda a m'chifuwa kapena a mtima ake, ndipo boila yoferatu inkaposa yongotsokomola. Yvonne ndi komiti ankakumana Lachisanu n'kupereka kwa amene waposa anzake. Panalinso lamulo lakuti fomu ya m'bale wako suigwira, umangoiika patebulo la Yvonne n'kutuluka. Pofika mu Novembala, maboila khumi ndi imodzi anali atapita, yatsala imodzi.

3

Neil anabwera kwa ife kudzapempha thandizo mu Seputembala. Anali dalaivala wa basi mpaka msana unamukana, ndipo mkazi wake Tracey anali atapita kwa mchemwali wake ku Sunderland ndi masutikesi awiri. Ndinapita kunyumba kwake ndi kachikwama kanga ka zomatira zitseko. Nditatsamira khoma monga mwa nthawi zonse, anandifunsa ngati ndikufuna andithandize kuligwira kuti lisagwe. Ndinaseka. Ndinali ndi zaka 47, mwamuna wanga anali atandisiya kalekale, ndipo sindinkakumbukanso tsiku limene mwamuna anandiseketsa mwadala.

Lamulo la ntchito limati tiyi wa munthu amene ukumuthandiza umamwa kamodzi. Ine ndinakamwa kachiwiri, kachitatu, kenako ndinaleka kuwerenga. Galimoto ndinkaiimika msewu wachitatu kuti anthu asaione. Musandifunse ngati ndinkadziwa kuti n'kulakwa. Ndinkadziwa bwinobwino, ndipo ndinkakhala m'galimotomo kudzipaka zofiira pamilomo ngati kamtsikana ka sukulu.

Khoma la Neil silinkaluma kwenikweni. Boila yake inali yakale, inkazima ikafuna, koma ukaimenya pambali inkadzuka. Fomu yake ndinamulembera ndine. Bodza munalibe, kungoti ndinkadziwa mawu amene amakoka malikisi. Anthu ovutikitsitsa atalandira, ena atapezeka kuti amakhala nyumba zalendi ndipo boila ndi udindo wa eni nyumba, dzina la Neil linakwera lokha mpaka pamwamba. Chinatsala n'chakuti pasabwere fomu ina yomuposa komiti isanakumane.

Tsiku lina masana, akundisisita phazi, anandifunsa ngati yotsalayo ndi yake. Ndinati zimenezo imaona ndi komiti. Iye anaseka n'kunena kuti komiti imaona zimene munthu waiikira patebulo.

"M'nyumba yofunda munthu akhoza kuyambiranso, Bernie," anatero. "Awiri. Sindikufuna uzidzagona ndi masokosi ngati gogo."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba, ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akudya yekha pamaso pa wailesi yakanema andimvetsa.

4

Lamlungu lililonse ndinkadya nkhomaliro kwa bambo anga. Dzina lawo anali Alec. Anali ndi zaka 79, makumi atatu mwa zakazo anathera pansi pa nthaka kukumba malasha, ndipo fumbi lake anatuluka nalo m'chifuwa. Amayi atamwalira anatsala okha ndi nkhunda zawo za mpikisano kuseri kwa nyumba. Mchimwene wanga Keith amagwira ntchito yokumba mafuta panyanja, kutali cha ku Aberdeen, ndiye iye gawo lake linali foni, langa linali Lamlungu. Ntchito yanga ankainyadira kwambiri. Kwa anzawo a ku mgodi ankadzitama kuti iwo ankakumba moto, mwana wawo amaugawa.

Lamlungu loyamba la Novembala ndinawapeza atavala malaya oyera ositidwa bwino, kahita ka magetsi kali psuu pakati pa chipinda chochezera, chitseko cha kukhitchini chili chotseka. Pamene pankayaka malasha ife tili ana anatsekapo ndi njerwa kalekale, gasi atabwera. Dzanja langa linapita lokha kukhoma, ndipo khomalo linandiluma mpaka m'chigongono. Ndinagwiranso chitsulo chotenthetsa cha pansi pa zenera, chinali ngati chagona panja.

"Wabwera kudzadya kapena kudzagula nyumba?" anandifunsa.

Ndinafunsa za boila. Anati aizimitsa dala chifukwa ikusokosa ngati Keith ali khanda, ndipo munthu amene anagwirapo ntchito m'madzi ofika m'mawondo pansi pa mgodi sangaopsezedwe ndi Novembala. Anandiuza kuti ndikhale pansi mbatatesi zisanazizire. Ndinakhala pansi. Ndinaona chijasi chawo chakuda chili pampando kuseri kwa chitseko, ndinaona bulangeti litapindidwa mothamanga pansi pa khushoni, ndipo ndinayamba kuwafunsa za nkhunda.

Patatha masabata atatu, tikutsuka mbale, anandifunsa osandiyang'ana.

"Kodi kuntchito kwanuko makalata amachedwa kuyankhidwa?"

"Amachedwa, adadi. Anthu ndi ambiri."

"Ndimaganiza choncho," anatero, n'kupitiriza kupukuta mbale imene inali youma kale.

Tsiku limenelo n'kuti boila yomaliza itaperekedwa kale kwa Neil.

5

Sindinawataye bambo anga. Zimenezi ndi zimene ndinkadziuza m'mawa uliwonse pagalasi. Ndinawagulira bulangeti la magetsi. Ndinamata zitseko zawo zonse, ndinapachika makatani okhuthala, ndinawauza kuti azikhala chipinda chimodzi, aziphatikiza zovala, azimwa zotentha pafupipafupi. Malangizo onse a m'kabuku kathu ndinawapatsa, osasiyako limodzi. Iwo ankangogwedeza mutu n'kumati chabwino, madamu. Ndikawasiyira ya mayunitsi ndinkaipeza yabwerera m'thumba la jekete langa, ndipo bulangeti lija linakhala m'pulasitiki mwake. Anati limadya magetsi kuposa mmene iwo amadyera chakudya.

Keith ankaimba Lachinayi lililonse kufunsa kuti mdala ali bwanji. Ndinkamuuza kuti ali bwino, akungolimbana ndi nkhunda zawo. Ndikanangonena mawu amodzi, akanatumiza ndalama ya boila tsiku lomwelo, pakuti Keith ndalama si vuto. Koma ndinkalidziwa funso lake loyamba. Akanati, si kuntchito kwanu kumene mukugawa maboila aulere? Funso limenelo ndinalibe nalo yankho, ndiye ndinkamufunsa za nyengo ya kunyanjako.

Ndinkati mu Epulo ndalama zatsopano zikabwera, dzina lawo lidzakhala loyamba. Kwa munthu wolimba ngati uja, miyezi inayi n'chiyani? Zengerezu analinda kwawukwawu, koma ine ndinkaona ngati ndachenjera.

Pa Khirisimasi tinadya awiri, titavala tizipewa tapepala. Kahita kanayaka tsiku lonse, ndipo bambo ankangokaba ndi diso ngati kuti ndi mlendo amene akudya kwambiri. Mphatso yanga anaikulunga m'nyuzipepala. Anali magolovesi achikopa, aubweya mkati. Anati manja anga amazizira n'kugwiragwira makoma a anthu.

Kwa Neil anali ataika boila sabata yachiwiri ya Disembala. Ndinagonako masiku atatu opanda masokosi. Chaka chitangosintha anayamba kuchedwa kuyankha foni, kenako kusayankha kumene. Loweruka lina mu Januwale ndinapita osamuuza, nditanyamula poto wa supu. Anatsegula chitseko pang'ono, ndipo mpweya wofunda unandiomba kumaso. Kumbuyo kwake, pa chitsulo chotenthetsa cha polowera, panali patayanikidwa zovala zamkati za mzimayi.

"Tracey wabwera," anatero motsitsa mawu. "Zaka makumi awiri ndi zitatu, Bernie. Si zongotaya."

Mkatimo mawu a mzimayi anafunsa kuti ndi ndani, n'kumuuza atseke chitseko chifukwa kutentha kukutuluka.

"Ndi mayi wa ku bungwe uja," anayankha Neil. "Wabwera kudzaona ngati boila ikuyenda bwino."

Ndinati ndasangalala kumva kuti ikuyenda bwino. Ndinabwerera ku galimoto yanga msewu wachitatu uja, ndipo ndinalira mpaka poto anazizira pamiyendo. Ndikuvomera pano kuti ndinkalirira Neil. Za khoma la bambo anga sizinandibwerere m'mutu tsiku limenelo.

6

Chisanu chenicheni chinafika sabata yoyamba ya Febuluwale. Madzi anaundana m'mapaipi, mabasi analeka kuyenda, foni ya ku ofesi inkalira osapuma. Lamlungu limenelo sindinapite kwa bambo. Ndinawaimbira, anati ali bwino, mpaka akutuluka thukuta, ndisavutike ndi msewu woterera. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitini, ndipo pakati pa mawu ankaima kuti apume. Ine ndinati chabwino, tionana sabata yamawa.

Lachitatu m'mawa aneba awo, Mayi Coulson, anazindikira kuti nkhunda sizinatseguliridwe masiku awiri, zikungolira m'khola. Anali ndi kiyi wa nyumbayo. Anawapeza bambo pampando, atavala chijasi chakuda chija, chipewa ndi magolovesi, akupuma mwa apo ndi apo. Kahita kanali kozima. Mita inali ikadali ndi mayunitsi. Ankawasunga kuti adzayatse Lamlungu ine ndikabwera.

Dokotala anati ndi chibayo, pamwamba pa mapapo amene anali otha kale. Anandifunsa kuti nyumbayo yakhala yozizira nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindikudziwa. Kameneko kanali koyamba kunena bodza limeneli, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadabwa.

7

Tsiku lachitatu ali m'chipatala, chakumasana, anatsitsimuka pang'ono. Keith anali asanafike, ndege zowatenga kunyanjako zitalephera kuuluka chifukwa cha mphepo. Ndinakhala pambali pa bedi, chikwama changa chili pamiyendo. Anachotsa chowathandiza kupuma chija pakamwa n'kundikodola.

"Ndinakubisira kanthu, mwanawe."

Ndinati apume kaye, tidzakamba akachira. Anapukusa mutu.

"Boila ija sinkasokosa. Inafa mu Okutobala. Ndinalembera kuntchito kwanu, kwa abwana ako aja. Ndinakaponya ndekha pachitseko, utaweruka, kuti usaone. Sanandiyankhe." Anapuma kanthawi. "Usakawakalipire, ndikukudziwa iwe. Ndiye kuti panali wina wovutika kuposa ine."

Kenako anandifunsa:

"Amene analandirayo ukumudziwa?"

"Ndikumudziwa, adadi."

"M'nyumba mwake mukufunda?"

"Mukufunda."

"Basi, zili bwino," anatero, n'kubwezera chopumira chija pakamwa. Anandigwira dzanja. Lawo linali lotentha, koyamba m'miyezi inayi, ndipo kunali kutentha kwa matenda.

Kalata imene ankanenayo inali m'chikwama chimene chinali pamiyendo panga.

Linali Lachiwiri m'mawa, pakati pa Novembala, kutatsala masiku atatu kuti komiti ikumane. Ine ndi amene ndinayamba kufika ku ofesi. Pansi, kuseri kwa chitseko, panali envulopu yakhaki yolembedwa dzina la Yvonne m'zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere, zomwe zija zinkabwera pa makadi anga onse a tsiku lobadwa. Ndinaitsegula ndili chiimire, jekete ndisanavule. Fomu anailemba yonse mosamala, osadumpha mzere. Zaka 79. Fumbi la mgodi m'mapapo. Boila yoferatu. Amakhala okha. Sindinafunike cholembera kuti ndidziwe malikisi ake, ankamuposa Neil kawiri. Pamwamba pa fomuyo anabayapo kapepala ndi pini.

"Chonde musamuuze mwana wanga Bernadette, amagwira ntchito kwanuko ndipo angachite manyazi. Ngati pali wina wovutika kuposa ine, yambani ndi iyeyo."

Munthu amene sanapemphepo ngakhale mchere kwa neba anakhala pansi n'kulemba zimenezo, n'kuyenda wapansi ndi chifuwa chake mpaka pakhomo pathu.

Ntchito yanga inali imodzi yokha, kuika envulopuyo patebulo la Yvonne n'kutuluka. Tebulolo linali mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima. Ndinamva Yvonne akukwera masitepe, akudandaula za bondo lake, ndipo ndinaipinda pakati n'kuilowetsa m'thumba la zipi la m'chikwama. Ndinadziuza kuti ndiipereka masana. Masana ndinati mawa. Ndinawerenganso kapepala kaja kangapo, makamaka mzere womaliza, mpaka ndinayamba kuumva ngati chilolezo. Lachisanu Yvonne anandifunsa ngati pali fomu ina imene yafika sabata imeneyo. Ndinati palibe, ndipo ndinapita kukaphikira komiti tiyi.

Bambo anamwalira tsiku lotsatira atandiululira chinsinsi chawocho, Keith atatsala ndi ola limodzi kuti afike.

8

Pamaliro panadza anthu ambiri, azibambo okalamba a ku mgodi atavala mataye akuda, ena akukoka mabotolo a mpweya, ndi gulu lawo la malipenga. Mmodzi ndi mmodzi ankandigwira dzanja n'kundiuza mmene Alec ankanyadira mwana wake wogawa moto.

Titapita kukalongedza katundu, Keith anaima pakati pa chipinda chochezera atavala jekete, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa mwake. Anapeza bulangeti lija m'pulasitiki, analiyang'ana nthawi yaitali. Anandikumbatira n'kunena kuti ndisadziimbe mlandu, mdala uja anali waliuma, akanatha kupusitsa ngakhale dokotala. Anati akanadziwa akanagula maboila awiri, inayo ya nkhunda. Kenako analira, bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kunena kuti wolakwa ndi iyeyo chifukwa anathawira kutali n'kundisiyira zonse. Ndinatsegula pakamwa. Chikwama chinali paphewa panga, zipi pafupi ndi chala. Ndinamusisita pamsana n'kumuuza kuti palibe amene akanadziwa.

Mu Malichi thandizo lathu linali pafupi kutha, ndipo eni ndalama anali atanena kale kuti mwina sapitiriza. Yvonne anandipempha mwamanyazi ngati ndingakambe nkhani ya bambo pamsonkhano wawo. Anati ngati n'zowawa ndikane, sandiimba mlandu. Ndinavomera. Anatipatsa zaka zitatu m'malo mwa chimodzi, ndi maboila makumi anayi. Sitolo ya pansi pathu ija tinaitsegula kukhala chipinda chofunda, mmene achikulire amabwera kudzakhala masana n'kumwa supu, ndipo pachitseko pake pali dzina la bambo anga. Pansi pa chithunzi chawo Yvonne analemba yekha mawu akuti munthu uyu sanapemphe thandizo, ifeyo tisamadikire kupemphedwa.

Ndimadutsa pa mawu amenewo m'mawa uliwonse popita m'mwamba.

Neil ndimakumana naye nthawi zina m'sitolo, akukankha ngolo ya katundu kumbuyo kwa Tracey. Wanenepa. Amandipatsa moni mwaulemu, monga mayi wa ku bungwe.

9

Mwina mukuti ndingoulula, mtima upepuke. Ndaganizapo kosawerengeka. Tsiku limene ndidzaike envulopuyi patebulo la Yvonne, iye ayenera kukauza eni ndalama kuti boila inaperekedwa mwachinyengo, ndi wantchito amene ankagona ndi wolandirayo, ndiponso kuti nkhani imene inawaliza ija inali yophika. Ndalama zidzaima. Chipinda chofunda chija chidzatsekedwa, ndipo achikulire makumi atatu amene amakhalamo masana adzabwerera ku makoma awo. Keith sadzandiyang'ananso kumaso. Kapena mwina zonsezi ndi zifukwa chabe zimene munthu wamantha amadzipezera, monga ndinapezera Epulo uja. Sindikudziwa, ndipo ndinaleka kuyembekeza kuti ndidzadziwa. Amati mlandu suola. Ine ndasintha zikwama kawiri, koma envulopu ndi yomweyo, ndipo pini yake yayamba kuchita dzimbiri papepala.

Inu amene mukuwerenga, sindikupemphani kuti mundikhululukire. Amene akanatha kutero anapita akuganiza kuti palibe choti akhululuke. Ngati muli ndi kholo limene limakulandirani litavala malaya ositidwa n'kumati zonse zili bwino, vulani magolovesi mugwire khoma. Koma ndisakunamizeni kuti kugwirako n'kokwanira. Ine ndinkagwira Lamlungu lililonse, ndinkamva bwinobwino zimene linkanena, kenako ndinkakhala pansi n'kudya mbatatesi.

Lachinayi likubwerali tili ndi msonkhano wina ku Newcastle, ndi eni ndalama atsopano. Kakhala kakhumi ndi katatu. Yvonne wandikumbutsa kuti ndisaiwale chithunzi cha adadi, ndipo wawauza kale kuti patebulo padzakhale kapu ya madzi.